Ndimati Mukupemphera, Bwana

Tsiku loyamba limene ndidatsegula nyimbo ya Éliane Radigue pabalaza, mayi akunyumba adali kusita yunifolomu ya ana. Padapita mphindi ngati khumi osalankhula kanthu. Kenaka adaimika simbi n'kundifunsa kuti, "Kodi bambo, nyimbo yanuyi iyamba nthawi yanji?" Nditawauza kuti idayamba kalekale, adapita kukhitchini kukaona ngati firiji yawonongeka.

Sindidawadabwe. Ife tidakula ndi nyimbo zokhala ndi mutu ndi mchira. Wina amatsogolera, ena n'kuvomera, ng'oma n'kulowerera, chiuno n'kuyankha. Nyimbo za Allan Namoko, za Paul Banda ngakhalenso za Evison Matafale zili ndi mawu oti munthu ukhoza kutola n'kupita nawo kwanu ukusinkhasinkha. Koma nyimbo ndikunena panozi zilibe mawu, zilibe ng'oma, ndipo zina zilibe ngakhale poti apa ndiye poyambira, apa ndiye pothera. Eni ake amazitcha ambient, ndipo zimene zimangogwira liwu limodzi nthawi yaitali amazitcha drone. Musaganize za tindege topanda woyendetsa tija ayi. M'Chingerezi liwu limeneli limanenanso njuchi yamphongo ndi kung'ung'uza kosadukiza ngati kwa njuchi.

Kulira kotereku sikwachilendo m'makutu mwathu. Amene adadikirapo mgaiwa pachigayo akukudziwa. Amene adagonapo pansi pa mtengo wa mango masana a mwezi wa Okutobala nyenje zikulira akukudziwanso. Chachilendo n'chakuti kudapezeka anthu amene adati kulira kotere ndi nyimbo. Amwenye adayamba kale, pakuti m'nyimbo zawo zamakolo choimbira chotchedwa tanpura chimangong'ung'uza pansipansi kuyambira poyamba mpaka pamapeto, woimba n'kumayenda pamwamba pake. Zitoliro za thumba za ku Scotland nazo zimachita chimodzimodzi. Ku Amereka, La Monte Young, amene adabadwa mu 1935 ku Idaho, ankati mawu oyamba kumukhala mumtima ali mwana adali a mphepo yolowa m'ming'alu ya nyumba yawo yamitengo ndi kung'ung'uza kwa mapolo a nthambo za lamya. Mu 1960 adalemba nyimbo ya mawu awiri okha, ndipo lamulo kwa woimba lidali lakuti awagwire mawuwo osawasiya msanga.

Munthu angafunse kuti mwa mawu awiri angamvemo chiyani. Zilimo. Mawu awiri akayandikana kwambiri, tinene kuti limodzi likunjenjemera ka 440 pa sekondi pamene linzake ka 442, khutu silimva mawu awiri. Limamva liwu limodzi limene likukhala ngati likupuma, kukula ndi kuchepa kawiri pa sekondi iliyonse. Woimba akasuntha liwu limodzilo pang'ono pokha, kapumidweko kamasintha. Radigue, mayi wa ku France amene adabadwa mu 1932, adatha zaka zambiri akuchita zimenezi pa makina amagetsi otchedwa ARP 2500, kusuntha mawu pang'onopang'ono moti womvera amadzangozindikira kuti nyimbo yafika pena osadziwa kuti yadzera pati. Zili ngati mthunzi wa nyumba, umene sumauona ukuyenda koma pofika madzulo umapezeka uli mbali ina.

Dzina lakuti ambient lidafala ndi Brian Eno wa ku Mangalande. Mu 1975 adagundidwa ndi galimoto ya takisi, ndipo ali chigonere mnzake wina adamuikira chimbale cha nyimbo za zeze n'kumusiya. Mawu adali otsika kwambiri, panja mvula ikugwa, iye alibe mphamvu zodzukira kuti akakweze. Adangogona n'kumamva zeze akusakanikirana ndi mvula. Patatha zaka zitatu, mu 1978, adatulutsa chimbale cha Music for Airports, ndi ganizo lakuti pakhale nyimbo yoti munthu akhoza kuitchera khutu kapena kuinyalanyaza, zonse n'kukhala bwino. Ganizoli lidali ndi agogo ake. Erik Satie wa ku France adapekapo nyimbo zimene ankati zizikhala m'chipinda ngati mipando, ndipo zitaimbidwa ku Paris mu 1920 anthu adakhala chete kuti amvetsere, iye n'kumayendayenda kuwachonderera kuti azicheza.

Ine nyimbozi zidandipeza ndikusowa tulo. Mwana wa mlongo wanga ndiye adaziika mu foni yanga, nati, "Malume, muyese izi, anzanga amawerengera mayeso." Ndidayesa ndipo zidandithandiza. Ndidayamba kugona. Kenaka ndidayamba kuzifuna ndi masana omwe. M'minibasi, kondakitala akamakangana ndi anthu pa nkhani ya chenji, ine ndinkavala mahedifoni n'kukhala ngati ndili m'dziko lina. Ndidagula mahedifoni aakulu otseka makutu onse. Mapeto ake ndidalowa nawo mu ofesi.

Ndimagwira ntchito m'boma, pa desiki imene pamadutsa mafayilo a anthu opuma pantchito ndi a amene adatisiya. Lachinayi lina m'mawa ndidakangana ndi bwana wanga pa nkhani ya lipoti limene lidachedwa osati chifukwa cha ine. Ndidabwerera pa desiki mtima ukugunda m'khosi. Ndidati ndisalankhule ndi munthu ndili chonchi, kuopa kumulalatira wosalakwa. Ndidavala mahedifoni, n'kutsamira pampando, n'kutseka maso. Nyimbo imene ndidatsegula idali yotalika pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndidaimvera yonse.

Nditatsegula maso ndidaona mayi wachikulire atakhala pa benchi ya pakhomo, envulopu ya khaki ili pamiyendo, atafunda chitenje cha kumpingo. Mesenjala wathu adandinong'oneza kuti mayiwo adaodira katatu, ndipo iye atafuna kundigwedeza adamuletsa. Ndidawaitana, ndidapepesa, n'kuwafunsa chifukwa chimene sadandidzutsire.

"Ndimati mukupemphera, bwana," adatero. "Munthu akamalankhula ndi Mulungu wake sitimudula."

Adabwera kudzatsatira fayilo ya malemu amuna awo. Chimene chinkafunika chidali chochepa, chakuti ine ndione mapepala ndi kuwapititsa kwa mkulu wina kuti asayine. Koma mkuluyo adali atanyamuka mphindi makumi awiri zapitazo kupita kumsonkhano wakunja kwa mzinda, ndipo ankadzabwera Lolemba. Ndikadawamva pamene ankaodira, akadabwerera kwawo tsiku lomwelo zonse zitatheka. Adadzuka m'mamawa, ndalama ya minibasi adachita kubwereka kwa mnzawo wa kubanki m'khonde. Sadakalipe. Adangopinda envulopu yawo n'kunena kuti, "Zikomo, bwana, tidzabwera Lolembalo."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndi funso limene silindichoka. Kodi munthu ali ndi ufulu wodzipezera bata pamene pakhomo pake pali wina amene akufuna kumvedwa? Ndipo kodi bata la nyimbo zoterezi ndi mtendere weniweni, kapena ndi ugonthi wochita kugula?

Ndiyambe ndi mlandu umene ndimadziimba ndekha. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ululu suli wabwino, koma uli ndi ntchito yake, pakuti ndiwo umamudzutsa munthu. Mkwiyo umene ndidali nawo m'mawa uja, kusowa tulo kumene kudandivutitsa, phokoso la m'minibasi, zonsezi zinkandiuza kanthu kena za ntchito yanga, za thupi langa ndi za dziko langa. Ine m'malo momva uthengawo ndidamutsekera mthenga pakamwa. Wodwala dzino akhoza kumwa panado sabata yonse, koma dzinolo limapitirirabe kubooka. Ndiponso munthu amene waphunzira kusamva zomupweteka iye mwini sachedwa kuphunzira kusamva zopweteka anzake.

Mbiri ya nyimbo zofewetsa mtima ili ndi pena pochititsa manyazi. Kampani ya Muzak, imene idayamba ku Amereka mu 1934, inkagulitsa nyimbo zomveka pansipansi m'mafakitale, m'maofesi ndi m'masitolo. Inkazisanja m'magawo a mphindi 15, zoyamba zodekha, zotsatira zofulumirirapo, cholinga chili chakuti wantchito asamve kutopa ndipo agwire ntchito yochuluka. Nyimbo pamenepo idali ngati goli lokutidwa ndi nsanza kuti ng'ombe isamve kuwawa pakhosi. Lero bwana safunikanso kugula nyimbozo. Timagula tokha bandulo ya intaneti, n'kudziika tokha m'golimo, kuti tipirire zinthu zimene mwina tidayenera kuzikana.

Palinso china chimene chimandivuta kwambiri. Mu 2001 William Basinski ankasamutsira mu kompyuta nyimbo zake zakale zimene zidali pa matepi a m'ma 1980. Matepiwo adali atakalamba, moti pamene ankazungulira, utoto wosunga mawu unkayoyoka, nyimbo n'kumafa pang'onopang'ono iye akujambula. Pa 11 Sepitembala chaka chimenecho adakwera padenga la nyumba yake ku Brooklyn n'kujambula utsi wochokera pamene padagwa nyumba zosanja za World Trade Center, ndipo zithunzi za utsiwo ndizo adaika pa zikuto za zimbale za The Disintegration Loops. Nyimbozo n'zokoma, ndipo ndagonapo nazo tulo kambirimbiri. Koma pansi pa utsi umene uja padafa anthu pafupifupi 3,000. Kodi n'chilungamo kuti tsoka la anthu ena lisanduke chondigonetsa ine? Munthu akaima patali mokwanira, ngakhale moto wa nyumba ya mnzake umaoneka wokongola. Bata lina limabwera chifukwa choti waima patali, basi.

Tsono pali mbali inayo, imene nayo siyenera kuponderezedwa. Ndagwira ntchito ndi anthu amene sapuma, ndipo sindinganene kuti ndiwo achifundo kuposa onse. Kalaliki wotopa ndiye amaponya fayilo ya munthu pansi pa mulu. Namwino amene sadagone ndiye amakalipira wodwala. Bambo wobwera kunyumba mutu uli phokoso lokhalokha ndiye amamenya mwana chifukwa chotaya madzi. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ngati sindidavale mahedifoni tsiku lija, mwina mayi aja ndikadawamva msanga, koma mwina ndikadawalandira ndi mkwiyo umene udali wa bwana wanga. Munda umene sugonera umaguga. Choncho kupuma si tchimo, ndipo amene amanena kuti munthu wa chikumbumtima azingokhala wovutika mumtima nthawi zonse sadziwa kuti anthu ovutika mumtima nthawi zonse amavutitsa anzawo.

Komabe yankho limeneli silindikwanira. Limangonena kuti nyimbozi ndi mankhwala, ndipo funso likhala la mlingo wake. Ndikuganiza kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa apa, ndipo chiyankhulo chathu chimatithandiza kuiona.

Taonani mneni wakuti kumva. Timamva mawu ndi khutu. Timamvanso njala, kuzizira, fungo ndi kuwawa. Tikati "ndamva" timatanthauzanso kuti tazindikira tanthauzo. Mwana wosamva si wogontha, koma wokanika. Kuchokera pa tsinde lomweli timapeza kumvera, kumvetsera, kumvetsa, kumvana ndi kumvera chisoni. Makolo athu adaona kuti khutu, thupi, nzeru ndi khalidwe zili pa mtengo umodzi. Kwa iwo munthu wabwino ndi munthu wakumva. Ndiye funso loyenera kufunsa nyimbo iliyonse ndi lakuti, kodi ikatha imandisiya ndili wakumva kuposa kale, kapena wosamva?

Pamenepa ndidazindikira kuti nyimbo imodzi yomweyo munthu akhoza kuigwiritsa ntchito pawiri. Akhoza kuisandutsa khoma, kapena akhoza kuisandutsa sukulu ya khutu. Pauline Oliveros, woimba wa ku Amereka, mu 1988 adatsikira ndi anzake awiri m'chithanki chachikulu cha pansi pa nthaka ku Fort Worden, m'boma la Washington, mmene liwu limatha masekondi 45 lisanazimirire. M'malo otere sungaimbe mothamanga. Uyenera kudikira liwu la mnzako, kumva kumene likupita, kenaka n'kuikapo lako. Iye adatha zaka zotsala za moyo wake akuphunzitsa kuti kumva kumangochitika kokha, pamene kumvetsera munthu amachita kusankha ndi kuphunzira. Nyimbo ya liwu limodzi imakhala yopanda kanthu kwa munthu wothamanga. Kwa wodekha imatseguka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Radigue uja adalemba Trilogie de la Mort, nyimbo zitatu zonena za imfa, zotalika pafupifupi maola atatu zonse pamodzi. Yoyamba adaimaliza mu 1988. Chaka chotsatira mwana wake wamwamuna adafa pa ngozi ya galimoto, ndipo yomaliza adaitsiriza mu 1993. Nditadziwa zimenezi ndidachita manyazi, chifukwa nyimbo imene idali m'makutu mwanga tsiku la mayi aja idali imodzi mwa zitatuzi. Mayi wina woferedwa adali kulankhula m'makutu mwanga, ine n'kumugwiritsa ntchito kuti ndisamve mayi winanso woferedwa amene adali pakhomo. Vuto silidali la Radigue. Iye sadapeke nyimbo zake kuti athawe imfa. Adazipeka kuti akhale nayo pansi maso ndi maso, nthawi yaitali, osathamangira kuitonthoza ndi mawu.

Ife khalidwe limeneli timalidziwa bwino kuposa azungu ambiri. Pamaliro timachezera usiku wonse. Amayi amakhala m'nyumba ya siwa, abambo panja mozungulira moto. Nyimbo imodzi imabwerezedwa mpaka mawu ake kusiya kumveka ngati mawu, n'kungotsala kung'ung'uza kumene kumawagwira anthu onse pamodzi mpaka tambala woyamba. Wokhuza maliro sabwera ndi nkhani zambiri. Amapereka moni, amati pepani, n'kukhala pansi. Palibe chimene amakonza, pakuti wakufa sadzuka, komabe namfedwa amadzakumbukira amene adabwera ndi amene sadabwere. Kukhala chete kwa pamaliro ndi kukhala chete kwa ine pa desiki paja kumaoneka kofanana kwa wodutsa, koma wokhuza maliro amakhala chete atayang'ana kwa mnzake, pamene ine ndidali nditamufulatira.

Mawu a mayi aja ndiwo amandiweruza. Adaganiza kuti ndikupemphera, ndipo adandipatsa ulemu umene amapatsa munthu wopemphera, ulemu umene udawadyera ndalama ya ngongole ndi masiku anayi. Adandiganizira zabwino kuposa zimene ndinkachita. Iwo ndiwo adali omvetsera m'chipinda muja. Adakhala pafupifupi ola lathunthu pa benchi youma, akuyang'ana munthu wotseka maso, osamudula. Kudekha kumene ine ndinkakufuna m'mahedifoni odula, iwo adabwera nako kuchokera kumudzi.

Ndiyenera kuchenjera kuti ndisadzinamize. N'chapafupi kwa munthu wokonda chinthu kupeza nzeru zochikometsera. Womwa mowa amati umamuthandiza kuganiza, wosuta amati fodya amamukhazika mtima pansi, ndipo ine ndikhoza kunena kuti nyimbozi zikundiphunzitsa kumvetsera pamene zikungondigoneka. Mbiri ya anthu ili ndi ankhanza ambiri amene ankalira akamva nyimbo yokoma. Khutu lakuthwa silibala lokha mtima wabwino. Chimene ndingathe ndi kudziyesa ndi zipatso. Ndikavula mahedifoni, kodi ndimamva kuti mwana wanga wayankha "zili bwino" ndi mawu amene sali bwino? Kodi ndimamva kuti mnzanga wa pa desiki yoyandikana nayo wasiya nthabwala zake sabata ino? Kodi wobwera ndi fayilo ndimamulola kumaliza chiganizo chake ndisanamuuze kuti abwere mawa? Masiku ena ndimakhoza, masiku ena ndimalephera, ndipo masiku olepherawo nyimbo sizindiombola.

Chimene ndaphunzira ndi chakuti ufulu wa kupuma ulipo, koma ola limene ndidapumira silidali langa. Lidali la aliyense amene akadagogoda pachitseko chija, ndipo adalipira kale kudzera mu msonkho umene amadula akagula sopo ndi mafuta a nyali. Mahedifoni ndidasiya kupita nawo kuntchito. Mkwiyo ukandigwira ndimatuluka panja mphindi zisanu, nditamuuza mesenjala kumene ndili. Nyimbo zanga ndimamvera usiku ana atagona, kapena Loweruka m'mawa, ndipo ndimakonda kuzitsegula pa sipika mawindo ali otsekula, kuti agalu a kwa aneba, wogulitsa mandasi ndi mvula ya padenga zilowe nawo m'nyimbomo monga zidachitira kwa Eno pa bedi lake. Mayi akunyumba adazolowera. Nthawi zina amakhala nane pamkeka akusankha nyemba, ndipo tsiku lina magetsi atazima mwadzidzidzi, nyimbo ndi firiji zonse n'kuti zii nthawi imodzi, adati, "Ha, kani m'nyumba muno mumakhala phokoso chonchi osadziwa?"

Mayi a envulopu ya khaki adabweradi Lolemba. Ndidawadikira pakhomo, ndidatenga fayilo ndekha kupita nayo kwa mkulu uja, ndipo pofika 10 koloko zonse zidali zitatheka. Ndidawapatsa ndalama ya minibasi ya maulendo awiri. Poyamba adakana, kenaka adalandira ndi manja awiri. Ndidafuna kuwauza kuti tsiku lija sindinkapemphera, koma lilime lidalemera. Ndidawaperekeza mpaka pageti, ndipo potsanzikana adati, "Mupitirize kupemphera, mwanangu. Anthu a m'maofesi opemphera ngochepa."

Mpaka lero sindidawauze zoona.